Opaleshoni yowongola nsagwada kwa munthu wamkulu: kukonzekera kwake ndi kuchira kwake kuno ku Mzuzu

Alipo anthu akuluakulu amene chibadwire sanalumepo chimanga chootcha ndi mano akutsogolo. Mano alipo, olimba ndithu, koma a m'mwamba ndi a m'munsi sakumana. Wina nsagwada ya m'munsi inatsogola kwambiri, wina inabwerera m'mbuyo moti chibwano sichioneka, wina inapendekera mbali imodzi. Ena anabadwa bwinobwino koma anathyoka nsagwada pa ngozi, fupa n'kugwirana mokhota, ndipo masiku ano a njinga zamoto oterewa si osowa. Onsewa amavutika kutafuna, ena mawu satuluka bwino, ena amaliza mkonono woopsa n'kumabanika kutulo chifukwa njira ya mpweya ndi yopanikizika.

Opaleshoni yokonza zimenezi imatenga maola ochepa chabe. Ntchito yaikulu ili m'miyezi ya m'mbuyo mwake ndi m'masabata otsatira, ndipo kwa ife a kumpoto pali chinthu china: dokotala amene adzakuchiteni opaleshoni kawirikawiri amakhala kutali, pamene inu mudzachirira ku Chibavi, ku Katoto kapena ku Mchengautuba. Malangizo ali m'munsiwa ndawalemba ndi mtunda umenewo m'maganizo. Pamene asiyana ndi zimene dokotala wanu wanena, tsatirani dokotalayo, chifukwa iye ndi amene waona fupa lanu.

Poyambira: vuto lili m'mano kapena m'fupa?

Yambani ku chigawo cha mano pa chipatala chachikulu cha Mzuzu ku Luwinga, kapena kwa dokotala wa mano amene mumamudalira. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala. Funso loyamba si lakuti opaleshoni ichitika liti ayi, koma lakuti kodi ikufunika n'komwe. Mano othithikana kapena otuluka pang'ono amawongoka ndi mawaya omata pa mano okha. Opaleshoni imabwera pamene mafupa enieniwo ndi amene sakugwirizana kukula kwake kapena malo ake. Kuti adziwe zimenezi adzakujambulani ekisile ya nsagwada zonse ndi ya mutu cham'mbali, adzadinda mano anu kuti aumbe chifaniziro chake, ndipo mwina adzafuna CT scan, chithunzi cha makina choonetsa mafupa mwatsatanetsatane.

Madokotala amadikira kuti nkhope isiye kukula, pafupifupi zaka 16 mpaka 18 kwa akazi ndi 18 mpaka 21 kwa amuna. Munthu wa zaka 30 kapena 45 sanachedwe. Kungoti thupi lake limachira modekha kusiyana ndi la wachinyamata, makamaka pa nkhani ya dzanzi imene ndiifotokoza kutsogoloku.

Akatswiri ochita opaleshoni ya nkhope ndi nsagwada m'Malawi muno ndi owerengeka, monganso akatswiri oika mawaya. Ngakhale maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Choncho yembekezani kutumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akakuoneni, ndipo ena amamaliza ulendowu kunja, ku South Africa kapena ku India. Aliyense amene akufuna kukugwirani m'kamwa muno m'dziko akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Kufunsa zimenezi si mwano.

Mukakumana ndi katswiriyo, musangogwedeza mutu. Lembani mafunso pa pepala musananyamuke kunyumba:

"Adokotala, mundichita nsagwada iti, ya m'mwamba, ya m'munsi kapena zonse ziwiri?"

"Mudzandimanga ndi mawaya osatsegula pakamwa, kapena ndi timalabala?"

"Ndikabwerera ku Mzuzu chinthu chikavuta, ndiimbire ndani, ndipo azindiona ndani?"

Funso lomalizali ndi limene anthu amaliiwala, komanso ndi limene limadzawasautsa.

Mayina a maopaleshoniwa mudzawaona pa mapepala anu, ndiye ndi bwino kuwazindikira. Ya nsagwada ya m'mwamba imatchedwa Le Fort I, potengera René Le Fort, dokotala wa ku France amene mu 1901 anafotokoza mizere imene mafupa a nkhope amathyokera. Fupa amalidula pamwamba pa mizu ya mano n'kulisuntha lonse pamodzi ndi mano ake. Ya m'munsi imalembedwa BSSO: fupa amaling'amba m'litali kumbuyo mbali zonse ziwiri kuti mbali ya mano ipite kutsogolo kapena kumbuyo, njira imene Hugo Obwegeser anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1950. Nthawi zina amasunthanso chibwano chokha. Kucheka kumachitikira m'kamwa, choncho pankhope sipatsala chipsera chooneka, kupatula mwina kabala kakang'ono patsaya pomwe analowetsera sikuluwu. Fupa amaligwiriziza ndi tizitsulo ndi timasikuluwu ta titanium, tomwe nthawi zambiri timakhala momwemo moyo wonse.

Mawaya ndi kuleza mtima

Opaleshoni isanachitike, ambiri amavala mawaya kwa miyezi 12 mpaka 18, ena kupitirira. Apa pali chinthu chodabwitsa chimene muyenera kuchidziwiratu: pa nthawi imeneyi kalumidwe kanu kadzaipiraipira. Kwa zaka zambiri mano anu akhala akupendama kuti abise vuto la fupa. Katswiri wa mawaya amawaimika mowongoka pa nsagwada yakeyake, ndiye mpata umene unabisika umaonekera wonse. Achibale adzati, "Koma achimwene, ndalama zonsezi kuti muipe chonchi?" Musatekeseke, ndipo musakachotsetse mawaya. Akawachotsa pakati panjira mumatsala poipa kuposa pomwe munayambira.

Mawaya amafuna kukawamangitsa pafupifupi masabata 4 mpaka 8 aliwonse. Ngati katswiri wanu ali ku Lilongwe, werengerani ulendo wa makilomita oposa 350 kupita kokha, kwa chaka ndi theka. Ndalama za basi ndi zogona zimenezi anthu saziika mu bajeti, koma zikaunjikana zimafika patali.

Mano obowoka amatidwe, ndipo nkhama zotupa kapena zotuluka magazi zichiritsidwe opaleshoni isanafike. Mano akumapeto kwenikweni a m'munsi, aja omera munthu atakula kale, amakhala pomwe fupa lidzang'ambidwire, choncho madokotala ambiri amawazula miyezi 6 kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike kuti dzenje litsekeke.

Ndalama, mapepala ndi tchuthi

Ngati muli pa MASM kapena pa inshulansi ina ya zaumoyo, pemphani yankho lolembedwa musanayambe chilichonse. Ma inshulansi ambiri amafulumira kuika opaleshoni yotere m'gulu la zokongoletsa nkhope, ndiye kalata ya dokotala inene momveka kuti vuto ndi kutafuna, kupuma kapena kuyankhula. Opita kunja asamale pasipoti ndi ndalama zakunja kudakali nthawi. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira ku banki, ndipo chipatala cha kunja sichidikira. Funsaninso ngati mtengo umene akupatsani ukuphatikiza tizitsulo, dokotala wogonetsa, masiku a mu wodi ndi maulendo obwereranso kukaonedwa.

Kuntchito pemphani masabata osachepera 2 mpaka 4 ngati ntchito yanu ndi ya mu ofesi. Aphunzitsi, abusa, ogulitsa mumsika ndi onse odya ndi pakamwa awonjezerepo, chifukwa kuyankhula nthawi yaitali kumatopetsa nsagwada. Onyamula katundu, omanga nyumba ndi opalasa njinga zonyamula anthu zija za sakaramento awerengere masabata 6 kapena kuposa.

Konzani thupi

Fodya musiyeni, osachepera masabata 6 opaleshoni isanafike, ndipo musabwerereko fupa lisanagwire. Chikonga chimafinya timitsempha ta magazi, ndipo nsagwada ya m'mwamba ikadulidwa imadalira timitsempha tochepa totsalato kuti ikhale ndi moyo. Mowa nawonso uyambe wapuma.

Uzani dokotala mankhwala onse amene mumamwa, kuphatikizapo azitsamba. Ambiri timabisa za kwa asing'anga kapena timabotolo togula pamsika poopa kudzudzulidwa, koma zina mwa zimenezi zimachititsa magazi kuchedwa kuundana. Asipulini ndi mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi adzakuuzani tsiku lowasiyira, musasiye panokha. Odwala shuga ndi BP ayambe aziika m'malo. Amene ali pa ma ARV sayenera kudumphitsa ngakhale tsiku limodzi, choncho kambiranani ndi a ku kiliniki kwanu mmene mudzamwere pakamwa pali potupa, ndipo tengani okwanira ulendo wonse. Amayi anene ngati akumwa mapilitsi olera kapena ngati pali chikayikiro cha pathupi.

Adzakuyezani kuchuluka kwa magazi. Ngati ndi ochepa, pali nthawi yowakweza ndi mankhwala ndi chakudya. Opaleshoni ya nsagwada zonse ziwiri imatha kutaya magazi ndithu, ndiye funsani ngati pakufunika kusungiratu magazi a gulu lanu. Pa mwezi womaliza gonani mu neti usiku uliwonse. Malungo kapena chimfine champhamvu sabata ya opaleshoni chimachititsa kuti aimitse zonse, inu mutalipira kale ulendo.

Ino si nthawi yochepetsa thupi. Mudzatsika makilogalamu angapo ngakhale musafune.

Gadiyani ndi nyumba

Sankhani gadiyani mmodzi wolimba mtima, amene sakomoka akaona magazi, wodziwa kuwerenga malangizo a mankhwala ndiponso wokhoza kudzuka usiku. Akhale nanu kwa dokotala pa ulendo womaliza kuti amve yekha. Mayi anu akhoza kukukondani kuposa aliyense, koma ngati adzayamba kulira akaona nkhope yotupa, ndi bwino aziphika phala kunyumba, kuchipatala kupite wina.

Musanapite, m'nyumba mukhale izi: bulenda ngati mungathe, koma pamodzi ndi sefa ya mabowo aang'ono ndi kamtondo, chifukwa magetsi akazima m'mimba simudikira, fulasiki, masirinji akuluakulu opanda singano ndi kapaipi kofewa, kasupuni ka mwana, mswachi wofewa wa mwana, Vaseline, mapilo atatu kapena anayi, kalilole wamng'ono, kabuku ndi cholembera, kapena foni yotchaja, poti masiku oyamba mudzayankhula polemba. Onjezani kasizasi kakang'ono kodulira timalabala.

Tsiku lenileni

Lamulo lofala ndi lakuti musadye chilichonse maola 6 musanagonetsedwe, ndipo madzi oyera okha ndi amene amaloledwa mpaka maola 2. Chipatala chikanena mosiyana, tsatirani chimenecho. Tiyi wamkaka ndi thobwa zimawerengedwa ngati chakudya. Opaleshoni ya nsagwada imodzi imatenga ola limodzi ndi theka mpaka maola atatu, ya zonse ziwiri imapitirira.

Podzuka, pakhosi padzakhala powawa ndipo mphuno idzatseka, chifukwa paipi yopumira imadutsa m'mphuno. Milomo idzakhala yolemera ndi yadzanzi, malovu osakanikirana ndi magazi azidzangotuluka. M'kamwa mukhoza kupeza kapulasitiki kotsogolera mano ndi timalabala tokoka nsagwada. Ambiri amadzuka ndi mantha akuti akubanika. Pumani pang'onopang'ono, mpweya umadutsa m'mbali mwa mano, ndipo anamwino ali ndi makina oyamwa malovu. Mseru ukabwera kodolani namwino msanga kuti akupatseni mankhwala. Mu wodi mumakhala masiku 1 mpaka 4, ndipo chimene chimakutulutsani ndi kutha kumwa mokwanira panokha.

Sabata yoyamba

Iyi ndiyo sabata yovuta, ndipo sindikubisirani. Ululu weniweni nthawi zambiri suposa mmene anthu amaopera, chifukwa dzanzi limaubisa. Chosautsa ndi kutupa, kutsekeka kwa mphuno, kusowa tulo ndi njala. Kutupa kumakula mpaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako n'kuyamba kutsika. Mikwingwirima imatha kutsikira m'khosi mpaka pachifuwa, yobiriwira kenako yachikasu. Zimenezo n'zachibadwa.

Gonani chotsamira, mutu uli pamwamba, kwa masabata awiri oyamba. Pa maola 48 oyamba ikani ayisi wokulunga m'nsalu pamasaya, mphindi 20 kenako kupuma mphindi 20. Asakhudze khungu mwachindunji, poti khungu ladzanzi silidziwa kuti likupsa ndi kuzizira. Pambuyo pake nsalu yofunda imathandiza kwambiri, koma gadiyani ayambe waiyesa pa mkono pake. Mu June ndi July, kuzizira kwa Mzuzu kukafika pachimake, anthu amalowetsa mbaula kuchipinda. Musachite zimenezo m'chipinda chotseka: utsi wa makala umapha ndi munthu wabwinobwino yemwe, nanji amene akupuma movutikira.

Ngati anakuchitani nsagwada ya m'mwamba, musapenge mamina kwa masabata amene dokotala wanena, kawirikawiri osachepera awiri ndipo ena amati mpaka asanu ndi limodzi. Kupenga kumakankhira mpweya m'mabala n'kutupitsa nkhope kapena kuyambitsa kamfuno. Ingopukutani, ndipo madontho a madzi amchere a m'mphuno amafewetsa zouma. Poyetsemula musatseke mphuno ndi pakamwa. Poyasamula chirikizani chibwano ndi dzanja.

Mankhwala a ululu imwani pa nthawi yake, osadikira kuti ululu uyambe. Panado asapitirire mapilitsi 8 a 500 mg pa maola 24, ndipo kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi panado mkati. Ma antibayotiki mumalize. Si piritsi lililonse limene limaloledwa kuphwanyidwa, choncho funsani wa ku famase musanatuluke. Mankhwala amphamvu a ululu amadzimbitsa, ndipo madzi ambiri, papaya wosefa ndi kuyendayenda m'nyumba zimathandiza. Kuyendako kumatetezanso magazi kuundana m'miyendo.

Cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu anthu ambiri mtima umagwa. Munthu amadziyang'ana pa kalilole osadzizindikira, n'kumadzifunsa kuti ndinazichitiranji. Gadiyani adziwiretu zimenezi kuti asadabwe. Alendo odzazonda achepe. Mwambo wathu ndi wabwino, koma wodwala amene sangathe kuyankha moni amatopa ndi kufunsidwa kambirimbiri kuti "Mwadzuka bwanji?", ndipo wina amabwera ndi chifuwa.

Ulendo wobwerera kumpoto

Musathamangire kunyumba. Khalani pafupi ndi chipatala mpaka dokotala atakuonaninso kamodzi kapena kawiri. Ochitidwa kunja nthawi zambiri amauzidwa kudikira masiku 10 mpaka 14 asanakwere ndege. Musananyamuke, pemphani lipoti lolembedwa la zimene zinachitika, makope a ma ekisile, chithunzi cha mmene timalabala timakolekedwera, timalabala tapadera tokwanira, ndi nambala ya foni yomwe imayankhidwa. Mukafika, pitani nazo kwa dokotala wa mano wa kuno musanadwale, kuti akudziweni.

Msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe ndi wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa basi, ndipo makhotolo a m'Chikangawa amasanzitsa ndi anthu athanzi omwe. Khalani kutsogolo, imwani mankhwala oletsa mseru amene dokotala wakulemberani, ndipo musakhute musananyamuke. Kusanza kukabwera, weramirani kutsogolo mutu uli cham'mbali, zamadzi zimatuluka m'mipata ya mano. Ngati zikukutsamwitsani, gadiyani adule timalabala nthawi yomweyo, kuikanso n'kosavuta. Womangidwa ndi mawaya enieni aziyenda ndi chodulira mawaya paliponse, ngakhale pogona chikhale pafupi ndi pilo. Mukatsika pa depoti kwerani takisi. Njinga yamoto ndi sakaramento zidikire mpaka fupa litagwira.

Chakudya

Fupa limatenga pafupifupi masabata 6 kuti ligwirane koyamba, ndi miyezi itatu kapena kuposa kuti lilimbe. Lili ngati simenti yothira dzulo: pamwamba yaoneka youma, koma mukapondapo mwasiya phazi. Tizitsulo tija timangogwiriziza, sitinapangidwe kuti tipirire kutafuna. Munthu amene wamva bwino pa sabata yachitatu n'kuluma kanyenya akhoza kusuntha fupa, ndipo kukonza kwake ndi opaleshoni ina.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ndi zamadzimadzi zokhazokha. Cholakwika chofala ndi kukhalira phala loyera la ufa woyera ndi tiyi. Zimenezo zimadzaza m'mimba koma sizimanga fupa. Thupi likufuna zomanga ndi zopatsa mphamvu, ndipo mwayi wake zonse zili mu msika waukulu wa Mzuzu. Likuni Phala kapena phala la mgaiwa ndi soya, lothira nsinjiro kapena chiponde, mkaka ndi supuni ya mafuta ophikira, lisefedwe mpaka lizidutsa mu sirinji. Dzira limenyedwe m'phala lili pamoto kuti lipse. Mapeyala ndi nthochi zakupsa zipotedwe ndi mkaka kapena chambiko. Nyemba ziphikidwe mpaka kufeweratu, makoko achotsedwe, zisefedwe ndi msuzi wake. Maungu, mbatata ndi mbatatesi zimachita bwino mu msuzi wa nkhuku. Usipa wouma wa ku Nkhata Bay mukhoza kuukazinga pang'ono, kuusinja n'kusefa ufa wake kuti muzithira m'phala kapena mu msuzi. Sefani kawiri, chifukwa kamunga kamodzi kakalowa pabala kamavutitsa. Thobwa losasasa kwambiri ndi maheu zilibe vuto bola zisefedwe. Tsabola ndi zowawasa ngati mandimu zimaluma mabala.

Simungadye mbale yodzaza nthawi imodzi. Idyani pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu pa tsiku, gadiyani azilemba zimene zalowa. Zamadzi zikwane pafupifupi malita awiri. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi, ndipo Thanzi ORS akhoza kuthandiza. Sirinji ilowe cham'mbali, kapaipi kaloze kumbuyo kwa mano, mutakhala tsonga. Kasupuni ndi kapu yambani kuzigwiritsa ntchito msanga mmene mungathere, muli ndi kalilole kutsogolo ndi thaulo pakhosi, poti mlomo wadzanzi sumva kuti phala likutsika pachibwano. Madokotala ambiri amaletsa kuyamwa ndi sitiro masabata oyamba. Chakudya chikhale chofunda chabe, ndipo chiyesedwe pa dzanja. Anthu amapsa milomo ndi tiyi osamva kanthu.

Dokotala akalola, kawirikawiri kuyambira sabata yachitatu, bwerani ku zofewa zosafuna kutafuna, zomwe lilime likhoza kuphwanya: mazira okazinga mofewa, mpunga wa Kilombero wophika mpaka kukhala phala, mbatata yopota, nsomba yofewa yochotsedwa minga bwinobwino, nthochi zophika zophwanya, nsima yofewa kwambiri yosungunula mu msuzi kapena m'therere. Kondowole ayambe wadikira, chifukwa amamata pa mawaya ndi timalabala ndipo amakoka nsagwada. Pambuyo pa masabata 6 mumayamba kutafuna zofewa, n'kumakwera pang'onopang'ono. Nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga, chinangwa chachiwisi ndi nyama yolimba zibwere komalizira, patatha miyezi itatu, dokotala atavomereza.

Kutsuka m'kamwa

Mabala ali m'kamwa momwe chakudya chikudutsa, choncho ukhondo ndi umene umakutetezani ku mafinya. Mukatha kudya chilichonse, tsukuluzani ndi madzi ofunda owiritsa othira theka la kasupuni ka mchere pa kapu imodzi. Musachukuche mwamphamvu, ingopendeketsani mutu uku ndi uku madzi n'kutuluka okha. Akakupatsani chlorhexidine, mankhwala otsukira m'kamwa, mugwiritseni ntchito kawiri pa tsiku kwa nthawi imene auza. Amadetsa mano ndi lilime, koma zimachoka. Mswachi wa mwana uyambe msanga pa mano ndi mawaya, mosamala pafupi ndi ulusi. Ulusiwo umasungunuka wokha m'masabata awiri kapena atatu, musaukoke. Milomo ipakeni Vaseline pafupipafupi, makamaka m'ngodya momwe mumang'ambika.

Timalabala valani ndendende monga anakusonyezerani. Ntchito yake ndi kuphunzitsa minofu malo atsopano a nsagwada. Kakaduka bwezeretsani kena, ndipo mukasokonezeka tumizani chithunzi kwa dokotala pa WhatsApp.

Pamene simuyenera kudikira kuti kuche

Thamangirani ku Mzuzu Central kapena chipatala chilichonse chapafupi, lipoti lanu lili m'manja, ngati kupuma kapena kumeza kukuvuta moonjezereka. Ngati magazi ofiira akutuluka m'mphuno kapena m'kamwa osasiya mutapanikiza kwa mphindi 15. Ngati kutupa kunayamba kutsika kenako kwabwerera mbali imodzi, kotentha ndi kowawa. Ngati mukumva mafinya kapena fungo loipa. Ngati mano asintha mwadzidzidzi mmene amakumanirana. Ngati mukusanza chilichonse chimene mwamwa. Kapena ngati mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, kapena pachifuwa pakubaya.

Thupi likatentha kufika madigiri 38, musangoganiza kuti ndi malungo n'kugula LA pa golosale, komanso musangoti ndi bala. Kayezetseni, ndipo wokuonaniyo ayang'ane m'kamwa. Zonse ziwiri zikhoza kubwera pamodzi.

Dzanzi, ndi miyezi yotsatira

M'kati mwa nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha umene umapereka kumva ku mlomo wa m'munsi ndi chibwano. Pong'amba fupa umakokeka, ndiye pafupifupi aliyense amadzuka ndi dzanzi pamenepo. Ochitidwa m'mwamba amalimva pa mlomo wa m'mwamba, m'masaya, m'nkhama ndi m'mbali mwa mphuno, koma limeneli limatha msanga. La m'munsi limatenga miyezi, mwina chaka kapena chaka ndi theka, ndipo kwa ena kachigawo kamatsala kosamva mpaka kalekale. Mwayi woti litsale umakula ndi msinkhu, n'chifukwa chake munthu wa zaka za m'ma 40 ayenera kukambirana nkhaniyi mozama asanasaine. Mlomo umayenda bwinobwino, chosowa ndi kumva kokha. Kunyerenyetsa, kuyabwa kapena kumva ngati tinyerere tikuyenda ndi chizindikiro chakuti mtsempha ukudzuka. Abambo azimeta ndevu akuyang'ana pa kalilole.

Pakamwa padzakhala pouma kutsegula. Dokotala akalola, yambani kuphunzitsa nsagwada: kutsegula pang'onopang'ono, kusunthira kumanja ndi kumanzere, kangapo pa tsiku, osakakamiza. Ambiri amalowetsa zala ziwiri pakati pa mano pofika masabata 6, ndi zitatu pofika miyezi itatu. Amene nsagwada inali itauma chifukwa cha ngozi yakale asanyozere masewera a nsagwadawa ngakhale tsiku limodzi, chifukwa imabwereranso kuuma. Mpira, netibo ndi chilichonse chimene chingakugundeni kumaso zidikire miyezi itatu.

Kutupa kwakukulu kumatha m'mwezi woyamba kapena wachiwiri, koma kotsalira kumachoka mwakachetechete mpaka miyezi 6 kapena 12, ndipo m'mawa kumaoneka kwambiri kuposa madzulo. Musaweruze nkhope yanu pa mwezi woyamba. Mphuno ikhoza kutambasuka pang'ono ngati anasuntha nsagwada ya m'mwamba. Jambulani chithunzi kamodzi pa sabata, pamalo omwewo, m'malo modziyang'ana ola lililonse. Anthu a kutchalitchi kapena kumzikiti adzanena zambiri, ena adzati mwanenepa, ena adzati simukuoneka ngati inu. Konzeranitu yankho lalifupi lakuti munakonzetsa nsagwada kuti muzidya bwino.

Mawaya amatsala pa mano kwa miyezi ina 6 mpaka 12 kuti amalize kulumanitsa mano, ndiye maulendo aja a kwa katswiri sanathe. Akawachotsa mudzapatsidwa kogwiriziza mano kovala usiku kapena kawaya komata kuseri kwa mano. Mukakasiya, mano amayamba kubwerera kumene anachokera. Kachitsulo kakadzayamba kuwawa, kutupa kapena kuonekera m'nkhama, ngakhale patapita zaka, kakhoza kuchotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono fupa litagwira kale. Lipoti la opaleshoni ndi ma ekisile zisungeni pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo muzizisonyeza kwa dokotala wa mano aliyense asanakuzuleni dzino kapena kukujambulani mutu.